Mtambo wa Apongozi

"Bwerezani. Bwerezani mawu munanena ku golosale aja, ndiwamve ndi makutu angawa."

Make Mapasa anaponya ndowa pakhonde, ndowayo n'kugubuduzika mpaka kumapazi kwa amuna ake. Inali youma gwa. Amuna akewo mudzi wonse unkawatchula kuti Awayilesi, chifukwa akatsegula pakamwa panalibe pozimitsira. Anali atakhala pampando akupukuta chipewa chawo chatsopano, chimene analandira ku msonkhano wa anthu a zanyengo.

"Ine ndinanena zasayansi, mayi. Ngati inu simuzimva, si mlandu wanga."

"Zasayansi zanuzo zandithamangitsa pamjigo. Ndangofika, mzere wonse zii. Mkazi wa Anjerwa wakankha ndowa yanga ndi phazi, akuti, 'Inu mukatunge kumtambo kwanu kumene mwasunga madzi.' Mwana wina wandifunsa ngati ndimakwerako ndi makwerero. Tsono ndikuti bwerezani."

Awayilesi anakhosomola, n'kuvala chipewa chija kuti mawu atuluke ndi ulemu wake.

"Ndinati chitsulo chili m'munda mwa Amayicho chimatenga mvula, mphepo ndi dzuwa, n'kuzitumiza kumtambo, kumene zimakasungidwa. Ndinatinso mtambowo sutseguka popanda mawu achinsinsi. Ndi mmene anatiuzira. Ndanama pati?"

Make Mapasa anagwira m'chiuno n'kuwayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kuzala zakumapazi.

"Mvula yadula. Chimanga cha anthu chikupota masamba. Inu n'kukaima pagulu la amuna oti akumwa, n'kunena kuti kwathu kuli chitsulo chotenga mvula, chotseguka ndi mawu achinsinsi. Abambo inu, m'mutumo muli ubongo kapena mabatire?"

Chitsulo chimenecho chinali kuseri kwa nyumba, pakati pa munda wa apongozi a Make Mapasa. Chinali chachitali kuposa munthu, chili ndi sola kumutu, timakapu tozungulira ndi mphepo, ndi chitini choyera cha kukamwa kwakukulu. Anthu a zanyengo anadzachizika mvula isanayambe. Mwini munda anali apongoziwo, amayi a Awayilesi, wolima munda anali Make Mapasa, koma pamene kunabwera uthenga woti mmodzi apite kutauni akamve za ntchito yake, amene anasita malaya anali Awayilesi. Anati misonkhano yotere imafuna munthu wodziwa kukhala pampando wa mu holo.

"Kandimverere anakanena za m'maluwa," anatero Make Mapasa. "Ine ndine chitsiru, ndinakulolani."

"Muzilankhula bwino. Kumeneko kunali amuna okhaokha, ophunzira. Tinaomba m'manja, tinajambulidwa."

"Munafunsa funso?"

"Kufunsa pagulu n'kudzitsitsa."

"Safunsa anadya phula. Koma inu phulalo mwadyetsa amayi anu."

Pomwepo apongozi anatulukira pakona ya nyumba, ndodo kutsogolo. Anali mayi wamfupi, wouma ngati chikuni, wa pakamwa pakuthwa. M'dzanja anali ndi mwala. Anauika bwinobwino pamwendo pa mwana wawo.

"Landira, mwana wanga wophunzira. Wandipeza kumsana ndikuchokera kuchigayo. Ndaona kuti ndi wako, wangosochera."

Awayilesi anadzuka, chipewa n'kugwa.

"Ndani wachita zimenezi?"

"Ana a sukulu. Koma ana saponya mwala umene akuluakulu sanautole ndi pakamwa. Akuti kale ndinkamanga mvula ndi mphika, tsopano ndapita patsogolo, ndikumanga ndi sola. Ine kukalamba kokhaku unali mlandu kale. Maso ofiira ndi utsiwa unali umboni. Iwe wangondigulira zipangizo."

Make Mapasa anafuna kuseka, koma apongozi anali asanamalize. Anati Anjerwa, bambo woumba njerwa kumunsi kwa dambo, alengeza kuchigayo kuti ikafika Loweruka la sabata yamawa mvula isanagwe, mudzi udzabwera kudzazula chitsulo, ndipo mwini munda adzaperekezedwa mpaka kumsewu ndi katundu wake, asadzabwerenso.

Awayilesi kwa nthawi yoyamba anasowa siteshoni.

"Ndiye Amayi apite kaye kwa achemwali," anatero kenako. "Akakhale kumeneko mpaka mitima ya anthu izizire."

"Akathawa ndiye kuti avomera," anatero Make Mapasa.

"Chabwino, ndikazule ndekha chitsulocho lero lomwe."

"Zulani. Mawa lake mvula igwe, chifukwa tsiku lina igwa ndithu. Anthu adzati chiyani? Adzati taonani, zinali zoona. Chaka chamawa mvula ikadzachedwa, sadzafunanso chitsulo, adzangobwera kwa Amayi. Bweretsani foni."

"Ya chiyani?"

"Pachitsulo paja analembapo nambala. Amene anazika ndiye adzafotokoze."

Make Mapasa ataimba, anayankha mtsikana wa mawu aulemu, amene anati ndi iye amayang'anira zitsulo za dera lonse. Anamvetsera, anapepesa, kenako anati akonza msonkhano wa komiti mwezi wamawa, mu holo yomwe ija.

"Achemwali," anatero Make Mapasa, "mwezi wamawa mudzapeza dzenje pamene pali chitsulo chanu, ndi loko pachitseko cha apongozi anga. Komiti yanuyo ndili nayo pano, yavala chipewa. Mubwere kuno, mudzaime m'munda, mulankhule ndi anthu amene akutola miyala."

Mtsikanayo anati abwera Loweruka lomwelo, m'mawa.

Masiku otsatirawo kumwamba kunali mbee, ngati mbale yotsukidwa. Make Mapasa ankatunga madzi kumjigo wa kusukulu, kutali, ndipo mapasa ake ankabwera kunyumba atang'ambitsa malaya pomenyera nkhondo agogo awo. Awayilesi anasiya kupita ku golosale. Ankangozungulira nyumba, kulankhula ndi nkhuku.

Tsiku lina Make Mapasa anatsikira kudambo. Anapeza Anjerwa akusanja njerwa pa uvuni, thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, chaka chatha anthu ankati womanga mvula ndinu, kuti njerwa zanu zisasungunuke. Anakugumulirani uvuni. Mwaiwala?"

"Sindinaiwale." Anjerwa sanatembenuke. "Sindinaiwalenso amene anayambitsa nkhaniyo pamaliro. Mukawafunse apongozi anu."

Make Mapasa anabwerera akupsa mtima, nkhaniyo n'kukaitula pamaso pa nkhalamba. Apongozi sanakane.

"Ndinangoti woumba njerwa sakonda mitambo. Kodi ndi bodza?"

"Amayi, chaona mnzako chapita."

"Ndamva, ndamva. Usandilalikire, tchalitchi ndili nacho changa."

Loweruka linacha lotentha. Dzuwa lisanakwere, anthu anali atadzaza kale m'mphepete mwa munda, amuna ndi makasu, amayi ndi ana kumsana, anyamata atakwera mu mtengo wa mango kuti aone bwino. Apongozi anatulutsa mpando, anakauika pafupi ndi chitsulo, n'kukhalapo atavala duku lawo la ku ukwati. Make Mapasa anaima kumbuyo kwawo, maso ali kumsewu.

Anjerwa anali atangotsegula pakamwa pamene njinga yamoto inalira. Inatsitsa mtsikana woonda, wa magalasi, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Anapereka moni, anati iye ndi wa zanyengo, n'kuyamba kufotokoza mmene ankafotokozera mu holo.

"Chipangizo ichi chimasonkhanitsa deta, ndipo deta yonse imakwera yokha kumtambo, kumene timaisunga motetezeka..."

"Mwamva!" anakuwa Anjerwa. "Wavomera yekha!"

Phokoso linabuka. Makasu anakwera m'mwamba. Mtsikana uja anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda chitsulo. Make Mapasa anatola beseni lakale limene nkhuku zinkamwera, n'kulimenya ndi mwala mpaka makutu a anthu analira.

"Tonsefe tabwera ndi makutu! Khasu silithawa, lidikire." Anatembenukira kwa mlendo. "Achemwali, ine sukulu ndinalekera panjira, ndiye ndifunsa ngati mwana. Deta n'chiyani?"

"Ndi manambala, mayi. Kuti lero kwatentha bwanji, mphepo yathamanga bwanji, mvula yagwa yochuluka bwanji."

"Manambala basi? Osati madzi?"

"Madzi ayi."

"Nanga mtambo wanuwo ndi uti? Lozani. Kumwambaku ine ndikuona khwangwala yekha."

Mtsikanayo anayang'ana kumwamba, anayang'ana anthu, kenako anagwira pakamwa. Zinaoneka kuti ndi pamene anamva mawu ake omwe ndi makutu a anthu ena.

"Mayo ine! Si mtambo weniweni. Ndi nyumba."

"Nyumba?"

"Nyumba yaikulu yodzaza makompyuta, ili kutali mumzinda. Manambala amapita kumeneko ngati mmene uthenga wa pafoni umayendera. Anthu a makompyuta anangoipatsa dzina loti mtambo, ife n'kumasulira momwemo."

Anasakatula pafoni yake n'kuonetsa chithunzi. Foniyo inayenda dzanja ndi dzanja. Anthu anaona mashelefu ataliatali, mawaya, ndi timagetsi tobiriwira.

"Ili ndi denga?" anafunsa mayi wina wogulitsa tomato.

"Inde. Ikadontha makina onse amawonongeka."

"Ndiye mtambo wanuwu umaopa mvula?"

Mnyamata wina mu mtengo wa mango anaseka mpaka anatsala pang'ono kugwa. Kuseka kunatsika mu mtengo, kunalowa mwa amayi, kunafika ndi kwa amuna ena amene anayamba kubisa makasu kumbuyo.

"Dzina ndi dzina," anatero Make Mapasa. "Amuna angawa mumawatchula Awayilesi. Alipo anawaonapo akulowetsedwa mabatire?"

"Timangolakalaka atatha!" anakuwa wina kumbuyo.

Anjerwa sanaseke. "Nanga mawu achinsinsi? Chinthu chabwino chimafuna chinsinsi?"

"Ndi ofanana ndi manambala otsekera foni," anatero mtsikana uja. Mantha anali atamuchoka. "Bambo, foni yanu ilibe loko?"

"Ili naye!" anayankha mkazi wa Anjerwa mwamuna wake asanapume. "Ndipo chinsinsi chimenecho ndiye chofunika kuchizula ndi khasu!"

Apa ngakhale apongozi anaonetsa nkhama.

"Zapakamwa zatikwana," anatero Anjerwa, nkhope itagwa. "Atsegule chitinicho. Tione chimene chili m'kati."

Make Mapasa anayang'ana mtsikana uja. Make Mapasayo nayenso sankadziwa za m'katimo. Koma mtsikanayo anatulutsa sipanala m'chikwama, anamasula timabawuti, n'kuvundukula chitinicho. Anthu anapanikizana. M'katimo munali fumbi, kangaude amene anathawa ndi manyazi, ndi kanthu kapulasitiki konga masupuni awiri olumikizana kumchira.

"Ndi kameneka basi," anatero mtsikanayo. "Mvula ikalowa pamwambapa imadzaza supuni iyi. Ikalemera imapendekeka n'kukhuthula, inzakeyi n'kuyamba kudzaza. Kakapendekeka kamodzi, makina amawerenga kamodzi. Madziwo amatulukira pabowo ili n'kugwera m'munda. Sikasunga ngakhale dontho."

"Mfiti yake ndi imeneyi?" anatero mayi wa tomato. "Ndili nayo inzake kunyumba, ndimathirira shuga."

Apongozi anagogoda ndodo pansi. "Mpongozi, kanditengere ketulo. Mlandu ndi wanga, ndiyese ndekha."

Ketulo itabwera, nkhalamba inaimirira, mtsikana uja n'kubwezera kukamwa kwa chitini pamalo pake koma m'mbali mosatseka. Apongozi anathira pang'onopang'ono. Kasupuni kanadzaza, kanati tiki, n'kukhuthula. Kenanso tiki. Madzi anadonthera pazala zawo zakumapazi. Mtsikana uja anakweza foni m'mwamba, ndipo nambala imene inali pa ziro inayamba kukwera anthu akuona.

"Yagwa!" anakuwa mmodzi wa mapasa. "Agogo agwetsa mvula ya m'ketulo!"

Zitatero panalibenso wogwira mnzake. Aliyense anafuna kuthira. Amayi anapanga mzere, ana analowerera pakati pa miyendo, wina anathamangira ndowa. Kasupuni kanali tiki, tiki, tiki, anthu akuwerenga mokweza ngati kalasi ya ana. Mayi wa tomato anafunsa chifukwa chake timakapu timazungulira. Mkulu wina anafunsa ngati sola imakoka mphezi. Mtsikana uja ankayankha uku akuseka, magalasi atatsetsereka pamphuno. Anati chiyambireni ntchito sanafunsidwepo mafunso ochuluka chonchi.

"Mumafunsidwa bwanji mukuitana anthu odikira chipewa?" anatero Make Mapasa.

Awayilesi anamva, anavula chipewa n'kuchipinda m'thumba.

Kenako mkazi wa Anjerwa anafunsa funso limene linali pamtima pa aliyense. "Tsono mvula yeniyeni ibwera liti? Chimanga chathu chikufa."

Mtsikana uja anasiya kuseka.

"Sindikunamizani, mayi. Chitsulochi sichibweretsa mvula ndipo sichiiletsa, chimangowerenga. Dera lonse lauma, ngakhale kumene kulibe chitsulo kapena agogo. Tikaphatikiza manambala a kuno ndi a malo ena, tikuona kuti mwayi ulipo mkati mwa sabata ikubwerayi. Ndati mwayi. Kulumbira sindingalumbire."

"Mwamva nonse," anatero Make Mapasa, akuloza gulu lonse ndi chala. "Yanenedwa isanagwe, wanena ndi mlendo, Amayi ali chikhalire pampando. Ikagwa, ndisadzamve munthu akuti nkhalamba yamasula. Ikapanda kugwa, ndisadzamve kuti yamangitsa."

Anjerwa anali ataima payekha, khasu lili paphewa, osadziwa kolowera. Apongozi anamukodola ndi ketulo.

"Iwe, tabwera. Chaka chatha ndinakunenera zopusa, uvuni wako unagwa. Chaka chino wandinenera zopusa, msana wanga walandira mwala. Zitsiru ziwiri sizilipitsana. Gwira, uthireko."

Anjerwa anazengereza. Kenako anatsitsa khasu, anakana ketulo, n'kunyamula ndowa yathunthu. Anaikhuthula yonse pachitini. Kasupuni kanachita misala, tikitikitiki, madzi anamuthovukira m'malaya, gulu lonse n'kuwomba m'manja ndi kululutira.

Pakati pa chisangalalocho foni ya mtsikana uja inalira. Anayang'ana dzina, maso n'kutuzuka.

"Abwana anga. Mayo, ndinaiwala kuzimitsa kotumizira!"

Anayankha, ndipo Make Mapasa, amene anali naye pafupi, anamutambasulira dzanja n'kudina kuti mawu amveke kwa onse. Kunamveka mwamuna akulankhula mothamanga. Anati makina akuonetsa kuti pamalopo pagwa mvula yoopsa imene sinaonekepo, anthu athawire kumtunda msanga, ndipo iye akuimbira a zangozi kuti akonze mabwato.

Anthu anayang'ana kumwamba kopanda kamtambo, anayang'ana fumbi lili kumapazi kwawo, n'kugwa nako kuseka. Ena anakhala pansi. Mtsikana uja ankayesa kufotokoza koma abwanawo sankamupatsa mpata. Apongozi anatambasula dzanja, anapatsidwa foni, n'kuigwira patsogolo pa kamwa ngati akuuzira moto.

"Halo. Ndinu a kumtambo?"

"Ndikulankhula ndi ndani?"

"Mwini munda. Bwato musatumize, mwana wanga, chigumulacho chachokera m'ketulo mwanga. Koma inuyo mubwere. Musatitumizire zipewa, mubwere ndi miyendo yanu, mudzakhale pansi pano, amayi a kuno ali ndi mafunso. Ndipo nyumba yanu ya mawayayo muipezere dzina lina. Kuno mtambo tili nawo umodzi, ndipo suli m'manja mwa munthu."

Anabweza foni osadikira yankho. Anthu anayamba kutola makasu awo kuti azipita, ena akupukuta misozi ya kuseka, ena akuzemba maso a nkhalamba. Make Mapasa anawayang'ana akutembenuka, anayang'ananso mizere imene anaipondaponda, ndi udzu umene unamera pakati pa chimanga masiku onse amene iye ankatha nthawi ndi mjigo wakutali.

"Mukupita kuti?" anafunsa. "Mwadzuka m'mamawa, mwanola makasu, mwafika nawo m'munda mwa mayi wachikulire. Khasu lolowa m'munda silibwerera loyera. Achimwene Anjerwa, mzere woyambawu ndi wanu."

Anjerwa anayang'ana mkazi wake, mkazi wake analoza mzere ndi mlomo. Anjerwa analavulira m'manja n'kuwerama. Ena anatsatira, akung'ung'udza uku akuseka. Mtsikana wa zanyengo anapinda buluku n'kupempha khasu, ndipo amayi anamuphunzitsa kagwiridwe akumuseka kuti akulima ngati akusaina.

Awayilesi anakonza pakhosi, n'kukwera pachulu. "Abale ndi alongo, monga munthu amene ndinapita ku msonkhano, ndifuna ndingowonjezerapo pang'ono..."

Make Mapasa anawaika khasu m'manja.

"Wonjezerani mzere uwo, abambo."